Maluwa amene mlongo wanga adatchetcha ku Sheffield

Foni idalira usiku wa Lachitatu, ndili pakati pochonga mayeso a Fomu 3. Kudali kumapeto kwa Epulo chaka chatha, kuno anthu atayamba kusanja chimanga m'mikukwe. Woimbayo adali mlongo wanga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Sheffield ku England. Iye akaimba, nkhani zake zimadziwika: fizi ya ana, malata a nyumba ya amayi, ndi kudandaula kuzizira. Tsiku limenelo sadapereke n'moni womwe.

"Achimwene, inu mumaphunzitsa zaulimi. Tandiuzani, kodi duwa lingafe chifukwa choti munthu wasesa pabwalo?"

Ndidaseka, koma iye sadaseke nane.

Nkhani yake idali yotere. Pakati pa okalamba amene amawayendera pali agogo ena amasiye, okhala okha m'nyumba yokhala ndi kadimba kumbuyo. M'kadimbamo muli mtengo wa maapulo, ndipo pansi pa mtengowo malemu amuna awo adadzalapo maluwa otchedwa bluebell zaka zambiri zapitazo. Chaka chilichonse mu Epulo pansi ponse pamasanduka buluu, ndipo agogowo amakhala pawindo kumangoyang'ana. Mlongo wanga adawaona maluwawo chaka chake choyamba, nayenso adawakonda. Koma atafota, masamba ake adagona pansi, achikasu, onyowa, oterera, osaoneka bwino m'pang'ono pomwe. Mwana woleredwa ndi amayi athu sangaone zimenezo n'kungodutsa. Kwathu pabwalo pamaseseka mpaka kuoneka mizere ya tsache. Adatenga makina otchetchera udzu n'kumeta ponse mpaka kuyera. Itafika nthawi yoti mitengo iyoyole masamba, adasesa masamba onse a mtengo uja n'kuwataya. Sadamutume munthu, adangofuna kuthandiza.

Chaka chachiwiri maluwa adachepa. Iye adaganiza kuti nthaka yauma, ndiye atatchetchanso adatipula ndi foloko ya m'dimba. Potipulapo adafukula tinthu toyera tonga anyezi wamng'ono, ndipo tambiri adatitaya poganiza kuti ndi udzu wa mtundu wa dawe. Chaka chachitatu, chimene adandiimbira, pansi pa mtengo padatuluka maluwa owerengeka ndi zala. Agogo aja sadamukalipire. Adangoti mwina maluwawo atsatira mwini wake. Mawu amenewo ndiwo adamusowetsa tulo mlongo wanga.

Ndisanene zambiri za iye, poti nanenso ndikadachita chimodzimodzi. Duwa limeneli si lakwathu, ndipo munthu wokulira kuno alibe pophunzirira khalidwe lake. Komabe nditakhala pansi n'kulingalira mmene limakhalira, ndidapeza kuti mlimi aliyense wa anyezi kapena chinangwa angalimvetse msanga kuposa anthu ambiri a m'tauni ku England komweko.

Bluebell ndi duwa la m'nkhalango za kumadzulo kwa Ulaya, kuyambira kumpoto kwa Spain, kudutsa France ndi Belgium, mpaka ku Britain ndi Ireland. Akatswiri a zomera amalitcha Hyacinthoides non-scripta, ndipo akuti pafupifupi theka la maluwa onse a mtundu umenewu padziko lapansi ali ku Britain. Dzina lake la Chingerezi likungonena maonekedwe: timaluwa ta buluu tooneka ngati timabelu, tolendewera pa kaphesi kamodzi kowerama kunsonga. Pansi pa nthaka pali kaanyezi, ndipo moyo wonse wa chomerachi wagona pamenepo.

Kuti mumvetse, muyambe mwaiwala nyengo zathu. Kumeneko mitengo yambiri ya m'nkhalango, monga oak ndi beech, imayoyola masamba onse cha mu Okutobala ndi Novembala, n'kukhala mbulanda nyengo yonse yozizira. Masamba atsopano amabwera cha mu Meyi. Akangobwera, pansi pa nkhalango pamachita mdima, ndipo chomera chachifupi sichionanso dzuwa lokwanira. Choncho bluebell ali ndi mpata waufupi kwambiri. Amatulutsa masamba kukuzizirabe, cha mu Januwale kapena Febuluwale, amachita maluwa mu Epulo ndi Meyi, ndipo pofika Julaye pamwamba sipaoneka kanthu. Miyezi yotsalayo ali m'tulo pansi pa nthaka.

Funso limene ndimakonda kufunsa ana a Fomu 2 ndi ili: chomera chimene chaphuka kusanafunde, chakudya chophukira chachitenga kuti? Yankho ndi nkhokwe. Kaanyezi kaja ndi nkhokwe imene idadzazidwa chaka chatha. Duwa limene mukuliona mu Epulo uno lidalimidwa ndi masamba a chaka chatha. Maluwa akafota, masamba amakhala adakali pa ntchito kwa masabata angapo, kutenga kuwala kwa dzuwa n'kupanga chakudya chotsikira m'nkhokwe muja. Akamasanduka achikasu ndiye kuti chotsala chonse chikusamukira pansi. Masamba onyansa aja amene mlongo wanga adameta adali ngolo zotuta zokolola, ndipo adazidula zili panjira.

Ndidamufunsa pafoni pomwepo: "Iwe, amayi akamathyola chigwada, amakungudza mtengo wonse wa chinangwa?" Adati ayi, amatapako nsonga zochepa, apo ayi chinangwa sichikula. Ndidamufunsanso ngati adaonapo mlimi wa anyezi akumweta masamba adakali obiriwira. Adakhala chete, kenako adati, "Amadikira agwetse makosi." Basi, phunziro lidathera pomwepo. Zaka zonse ndakhala ndikujambula tsamba ndi dzuwa pabolodi, koma sindidaonepo munthu akumvetsa msanga chonchija.

Kusesa masamba a mtengo kudali kulakwa kwachiwiri, ngakhale kocheperapo. M'nkhalango palibe amene amathira feteleza. Masamba oyoyoka amaolera pomwepo, amasunga chinyezi, amafewetsa nthaka, ndipo ndiwo manyowa a bluebell. Kutipula ndiye kudali koopsa kuposa zonse. Chomerachi chili ndi mizu ina yodabwitsa, imene imakula kenako n'kufupika, ndipo pofupikapo imakokera kaanyezi pansi pang'onopang'ono chaka ndi chaka mpaka kafike pakuya pamene pali chinyezi chokhazikika. Foloko imodzi imafafaniza ulendo wa zaka zingapo.

Apa ndi pamene nkhaniyi imawawa. Njere ya bluebell ikagwa pansi, pamatenga zaka 5, nthawi zina mpaka 7, kuti chomeracho chichite duwa loyamba. Mwana amene adalowa Fomu 1 tsiku limene njereyo idagwa amalemba MSCE n'kuchoka pasukulu duwa lisanaoneke. Komanso njerezo n'zolemera, sizouluka ndi mphepo, zimangogwera pafupi ndi make, ndiye gulu la maluwawa limafalikira mwaulesi kwambiri. N'chifukwa chake ku England, nkhalango ikakhala yodzaza ndi bluebell, anthu amaitenga ngati chizindikiro choti mwina ndi yakalekale. Iwo amati nkhalango yakale ndi imene yakhalapo osadulidwa n'kulimidwa kuyambira chaka cha 1600 kapena kumbuyo kwake. Ku Sheffield komweko kuli ina yotchedwa Ecclesall Woods, ndipo ndidamuuza mlongo wanga kuti akaione tsiku lopuma. Adapita, ndipo chimene chidamudabwitsa si kukongola kokha ayi, koma kuti anthu onse amayenda m'tinjira, osaponda pambali. Masamba a bluebell ndi ofewa, akapondedwa amaphwanyika n'kulephera kugwira ntchito, ndipo malo opondedwawo amatenga zaka kuti abwerere. Ku Belgium, kufupi ndi Brussels, kuli nkhalango ya Hallerbos imene alendo amakhamukirako mu Epulo kukaona maluwa omwewa, ndipo kumeneko kuchoka m'njira n'koletsedwa.

Tsono tikonza bwanji? Limeneli ndilo lidali funso lake, ndipo popeza ndikudziwa kuti nyuzi ino imafika m'manja mwa ena amene ali ndi abale kunjako, ndifotokoza zimene tidagwirizana.

Choyamba chidali chovuta kwambiri kwa munthu wakhama ngati iye: kusachita kanthu. Tianyezi timene tidatsala pansi sitidafe tonse, tidangofooka. Tikasiyidwa ndi masamba ake mpaka aume okha, tidzadzaza nkhokwe pang'onopang'ono. Osatchetcha mpaka masamba atauma moti ukawakoka pang'ono amangochoka okha. Osawamanga mfundo pofuna kuti paoneke bwino, monga amachitira ena, poti tsamba lopindidwa siliona dzuwa. Osapondapo. Masamba a mtengo akagwa, asiyidwe pomwepo, kapena aunjikidwe pakona kuti aole, chaka chinacho n'kuwamwaza pamwamba ngati manyowa.

Kenako kubwezeretsa zimene zidatayidwa. Pali njira ziwiri. Tianyezi touma timadzalidwa nthawi yoyoyoka masamba, kuyambira Sepitembala mpaka Novembala, pakuya masentimita pafupifupi 10, kansonga kakuloza kumwamba, motalikirana masentimita 10 omwewo. Tisachedwe m'pepala, poti tilibe chikopa cholimba ngati cha anyezi wathu, ndiye timauma msanga kapena kuchita nkhungu. Njira ina, imene alimi a maluwa ambiri kumeneko amaikhulupirira, ndiyo kugula mbewu zili ndi masamba ake m'nyengo yophukira n'kuziwokera monga timachitira ndi mbande. Poziwokera umayang'ana pamene tsamba lasiya kuyera n'kuyamba kubiriwira, pamenepo ndiye podutsa nthaka. Ukatero uthirire bwino, ndipo usadabwe ngati chaka choyamba sizichita maluwa. Malo ake akhale a mthunzi wa mtengo woyoyola masamba, nthaka yosunga chinyezi koma yosadikha madzi. Pansi pa mtengo wa maapulo paja, malemu aja adasankha bwino.

Ndidamuuzanso kuti asadzale m'mizere ngati chimanga. Awaze tianyezito ndi dzanja n'kudzala kalikonse pamene kagwera. Adati zimenezo ndi ulesi. Ndidati ndi mmene nkhalango imadzalira.

Pogula mpamene pafunika maso. Kuli mtundu wina wochokera ku Spain ndi Portugal, Hyacinthoides hispanica, umene udalowa m'madimba a ku Britain kalekale. Mitundu iwiriyi imakwatirana mosavuta kudzera mwa njuchi, ndipo ambiri mwa maluwa amene ali m'madimba a m'tauni lero ndi ana a ukwati umenewu. Kusiyanitsa kwake sikovuta ukakhala nalo duwa m'manja. Wa ku England amawerama kunsonga, timabelu take tonse tili mbali imodzi, n'topapatiza, ta buluu wakuda, milomo yake yopindikira m'mbuyo, mungu wake ndi woyererako ngati mkaka, ndipo amanunkhira. Wa ku Spain amaima chilili, timabelu tazungulira phesi lonse, n'totambasuka, buluu wake ndi wotuwa, mungu nthawi zambiri ndi wa buluu, masamba ndi otakata, fungo n'lochepa kapena palibe. Wosakanizayo amatenga uku ndi uku. Mlongo wanga adafunsa agogo aja ngati maluwa a amuna awo ankanunkhira, ndipo adayankha kuti madzulo fungo linkalowa mpaka kukhitchini. Tidadziwa mtundu woti tigule.

Anthu okonda zachilengedwe kumeneko akhala akuda nkhawa kuti wa ku Spain ndi wosakanizayo adzameza mtundu wawo wa m'nkhalango. Ine nkhawa imeneyi ndimaimvetsa, poti ndidaona chimanga cha makolo chikusowa m'midzi mwathu. Malangizo awo ndi oti amene ali kufupi ndi nkhalango adzale mtundu wakwawo, ndipo amene wazula wa ku Spain asakataye tianyezi take kuthengo kapena padzala la manyowa, chifukwa timamera paliponse pamene tagwera. Dzina lokha nalonso lingakusocheretseni. Ku Scotland ambiri akati bluebell amanena kaduwa kena kosiyana kotheratu, ndipo ku America kulinso chomera china cha dzina lomweli. Pogula muwerenge dzina la Chilatini lija.

Mlongo wanga, pokhala Mmalawi wodziwa kusunga ndalama, adafunsa chimene aliyense wa ife akadafunsa: bwanji osangopita ku nkhalango kuja ndi kathumba n'kukumbako pang'ono, poti aliko ambirimbiri? Ndidamuletsa. Lamulo la kumeneko la 1981, lotchedwa Wildlife and Countryside Act, limaletsa kuzula chomera chakuthengo popanda chilolezo cha mwini malo, ndipo kuyambira 1998 bluebell adaikidwa pa mndandanda wapadera woletsa kugulitsa amene wakumbidwa kuthengo. Adachita zimenezi chifukwa anthu ankakumba nkhalango zathunthu n'kumagulitsa. Mlendo amene ali m'dziko la eni ndi chitupa cha ntchito asayese dala kupalamula mlandu chifukwa cha duwa. Agule kwa ogulitsa mbewu amene amanena poyera kuti adazilima okha.

Chenjezo lina n'lakuti chomerachi ndi chapoizoni, kuyambira duwa mpaka kaanyezi, kwa anthu, agalu, ng'ombe ndi akavalo omwe. Tianyezi take tingamupusitse mwana kapena munthu wachilendo, choncho tisasungidwe kukhitchini, ndipo pogwira ndi bwino kuvala magolovesi poti utomoni wake umayabwa ena. Utomoni womwewo makolo awo ankamatira nthenga kumivi ndi kumangira mabuku, ndipo m'nthawi ya Mfumukazi Elizabeth Woyamba ankatengamo sitachi yolimbitsira makolala a zovala. Izi ndangowonjezera, poti mphunzitsi sasunga chimene wawerenga.

Titamaliza zonsezi, iye adati akamabwera ku tchuthi adzanditengera tianyezi tingapo kuti ndidzadzale pakhomo. Ndidakana, ndipo mwina ena mwa inu amene abale amakutumizirani zithunzi za maluwa okongola mungafune kumva chifukwa chake. Mbewu siilowa m'dziko ngati sopo, imafuna chilolezo ndi chikalata chotsimikiza kuti ilibe matenda, ndipo aliyense amene adaona chinangwa kapena nthochi zikutha ndi matenda sangatsutse lamulo limeneli. Koma ngakhale zikalata zitakhalapo, nyengo yathu ndi yotembenuka kwa chomerachi. Bluebell amafuna kuzizira kwa miyezi ingapo kuli chinyezi, kenako agone m'nyengo yofunda. Kwathu kuno kuzizira kumabwera mu Juni ndi Julaye nthaka ili gwaa, ndipo mvula imabwera pamodzi ndi kutentha, nthawi imene iye akufuna kugona. Kaanyezi kogona m'dothi lotentha ndi lonyowa kamaola. Mwina wina wa ku Dedza kapena pamwamba pa phiri la Zomba, wokhala ndi madzi othirira mu Juni, angayese n'kuona duwa kamodzi kuchokera m'nkhokwe imene kaanyeziko kadabwera nayo. Kuno kwathu kotentha kungakhale kuzunza mbewu ndi kudzizunza wekha.

Chimene sindidamuuze pafoni n'chakuti pamene ndinkamulangiza, chikumbumtima chinkandiluma. Kuseri kwa labu ya pasukulu pathu kuli kamalo ka miyala pansi pa mitengo ya masuku. Mvula yoyamba ikangogwa, kapena isanagwe n'komwe, pamatuluka maluwa ofiira ozungulira ngati mpira, pa phesi limodzi lopanda tsamba. Akatswiri amati Scadoxus multiflorus. Masamba ake amabwera duwa litapita, n'kukhala nyengo yonse ya dzinja akudzaza nkhokwe yapansi, monga momwe achitira bluebell. Ndipo chaka chilichonse mu Januwale, udzu ukakula, ine ndemwe ndimatuma ana ochedwa kubwera kuti atenge zitchetcho akayeretse kuseri kwa labu. Nditafika pasukulupa maluwawo ankadzaza pamalopo. Zaka zapitazi ndakhala ndikuona akuchepa, ndipo ndinkati ndi kusintha kwa nyengo, poti masiku ano chilichonse timachikankhira kumeneko.

Zomera zosunga moyo pansi pa nthaka tili nazo zambiri. Ku Nyika kokha kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, ndipo ena mwa iwo ndi amene timakumba timachinangwa take n'kuphika chinaka, chimene anzathu a ku Zambia amati chikanda. Msika wake wakula moti okumba amapita kutali kusiyana ndi kale, mpaka kudutsa malire. Sindikunyoza wokumba, amene nthawi zambiri ndi mayi wofuna ndalama ya sopo ndi makope. Ndikungoona kuti a ku Britain adafika poika duwa lawo m'lamulo ataona matumba akutuluka m'nkhalango, pamene ine mphunzitsi wa zaulimi sindidziwa n'komwe kuti duwa lofiira la kuseri kwa labu limatenga zaka zingati kuchokera ku njere.

Januwale wapitayu ndidazunguliza kamalo kaja ndi miyala yopaka laimu n'kuuza ana kuti m'katimo musalowe chitchetcho. Mnzanga wina wa m'stafu adandifunsa ngati ndayamba kuweta njoka. Aakulu a pasukulu adati alendo akabwera adzati ndife auve. Tidagwirizana kuti udzu wa m'katimo tizizula ndi manja, ndipo ntchitoyo ndidaipereka kwa atsikana atatu a kalabu ya zachilengedwe amene adadzipereka okha. Ngati zathandiza, tidzaona mu Novembala.

Ku Sheffield nako, mlongo wanga adadzala tianyezi 50 mu Okutobala, atagwada pa katoni chifukwa cha kuzizira kwa dothi. Adayamba waulula kwa agogo aja zonse zimene adachita, za makina, za tsache ndi za foloko. Akuti adamuyang'ana nthawi yaitali, kenako adaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti amuna awo adawakalipirapo pa mlandu womwewo chaka choyamba cha ukwati wawo.

Sabata yatha adanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Pansi pa mtengo si pa buluu ponse monga kale, pali magulu apa ndi apo, ndipo pakati pake masamba ambiri opanda duwa. Ena ayamba kale kufota ndi kugona pansi. Pansi pa chithunzicho adalemba kuti manja akumuyabwa, ndipo adafunsa ngati angachotseko ochepa okha amene agwera m'njira. Ndidamuyankha kuti awakankhire pambali ndi dzanja, adikire Julaye. Adati ngakhale atafuna sangathe, poti kiyi wa kanyumba kosungira makina otchetchera agogo aja akumasunga m'thumba la juzi yawo.